Nsapato Zomvera Phazi

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi muno, ndipo ife amene tinakulira kumeneko m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kukula kwakeko tinakudziwira m'mapazi. Munthu wa kwa Mabulabo kapena kwa Khosolo akaitanidwa ku ofesi ya DC ankalawirira tambala woyamba, kamba wa mbatata yootcha ali m'thumba. Wodwala wa ku Emfeni wofuna chipatala cha mishoni ku Embangweni ankadalira miyendo yake, kapena ya abale omunyamula pa machira. Basi inalipo, inde, koma inkadutsa mwa apo ndi apo, ndipo mvula ikakhazikika inkatitimira m'matope n'kugona panjira. Wopita kukagulitsa mtedza, wopita ku mlandu ku Edingeni kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, mwana wopita ku sukulu yogonera komweko atasenza kasutikesi ka malata, onsewo ulendo wawo unali wapansi.

Ambiri tinkayenda opanda nsapato. Mapazi athu anali otambalala, zala zotalikirana, kunsi kolimba moti minga ing'onoing'ono inkangothyokera kunja. Koma mu Juni ndi Julayi, mphepo yozizira ikamatsika kuchokera ku mapiri a Viphya, zidendene zinkachita ming'alu yotuluka magazi, ndipo mu Okutobala mchenga wa m'njira unkaotcha mpaka tinkathamangira mthunzi ndi mthunzi. Amuna ena ankavala nkhwayira zodula ku matayala akutha. Amene anali ndi nsapato zachikopa ankazisunga m'sutikesi, ndipo Lamulungu ankazinyamula m'manja kapena kuzikoleka pakhosi ndi zingwe zake mpaka pa mtsinje womaliza. Pamenepo ankasamba mapazi, kuwakwecha ndi mwala, n'kuvala kuti alowe nazo m'tchalitchi. Ana a masiku ano akamva zimenezi amati kunali kusunga nsapato kuti zisathe msanga. Mbali ina akunena zoona. Koma chifukwa chachikulu chinali chakuti nsapatozo zinkapweteka. Zinkaumbidwa ku fakitale pa zikombole za mapazi a anthu ovala nsapato chibadwire, mapazi owonda ndi osongoka, pamene athu anali mapazi a ingoma, opondetsa pansi mpaka fumbi koboo.

Amene ndinawaona akulimbana ndi vuto limeneli moyo wawo wonse ndi asibweni anga, mlongo wawo wa amayi. Anachoka kumudzi ali mnyamata, monga ankachitira anyamata ambiri a ku Mzimba pofuna ndalama ya msonkho ndi ng'ombe za lobola, ndipo anakafika ku Bulawayo. Anzawo anapitirira mpaka ku migodi ya ku Joni, koma iwo anapeza ntchito pa kashopu kena kokonza nsapato, poyamba yosesa ndi kupukuta, kenako yosoka. Zaka zinadutsa, abale anayamba kale kuwatchula kuti mtchona, mpaka tsiku lina anangotulukira ndi bokosi la zipangizo pamutu. Anapempha malo pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina pa boma, pafupi ndi telala, n'kukhazikika pamenepo. Ine ndinkaphunzira ku Embangweni, pa mishoni ya Loudon imene m'busa Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902, ndipo sukulu ikatsekera amayi ankanditumiza kuti ndizikawathandiza. Ntchito yanga inali kupaka ulusi phula la njuchi, kuwongola timisomali takale, ndi kusolola ulusi wolimba wa m'matayala.

M'bokosi lawo munali nyundo, mpeni wonoledwa mbali imodzi, masingano opindika, chitsulo cha miyendo itatu chokhomerapo nsapato, ndi mapazi a mtengo amene anasema okha, aakulu ndi aang'ono, onse otambalala kuposa a ku fakitale. Koma chuma chawo chenicheni chinali m'kachitini ka masikono kotsekedwa bwino, kamene sankalola kuti kakhale padzuwa. Mmenemo munali lasitiki. Sindikunena lasitiki wa telala uja woika m'chiuno mwa kabudula ayi. Ameneyo ankati ndi wofooka, sangapirire phazi la munthu ngakhale mwezi umodzi. Wawo anali wokhuthala, wotambalala zala zitatu kapena zinayi, wakuda kapena wofiirira, wolukidwa ndi ulusi wa nsalu pamodzi ndi timitsitsi ta mphira. Ankamuitanitsa kwa anzawo obwera kutchuthi kuchokera ku Bulawayo ndi ku Joni, ndipo akapeza jombo yakutha ya Mzungu wa ku Chikangawa kapena wa pa boma, ankaiphwasula mosamala kuti apulumutse kachidutswa kalikonse kamene kanali kadakali ndi mphamvu.

Munthu akabwera m'mawa kuti amuyeze, asibweni ankamulonjera bwino, kumufunsa za kumudzi ndi za ng'ombe, koma osamuyeza. "Adada, pitani kaye mukathane ndi za ku ofesi, mukagule mchere wanu, mubwere dzuwa likapendeka. Phazi la m'mawa ndi labodza." Ena ankadandaula kuti akuwachedwetsa, koma iwo sankasunthika. Ankadziwa kuti phazi limene lagona usiku wonse limadzuka lophwa, ndipo likayenda ndi kuima tsiku lonse limafufuma. Munthuyo akabwerera, ankamuimiritsa pa pepala la thumba la simenti. Sankamukhazika pampando, chifukwa phazi limatambasuka likasenza thupi. Ankalemba mzere kuzungulira phazi ndi pensulo yoimika chilili, mapazi onse awiri, pakuti ankati chiyambire ntchitoyi sanaonepo munthu wa mapazi ofanana ndendende. Akatero ankatenga kachingwe n'kuzunguliza malo atatu: pamene zala zimayambira, pamwamba pa phazi pamene pali potukuka, ndiponso kuchokera kunsonga ya chidendene kudzera kutsogolo kwa kakolo. Paliponse ankamangapo mfundo. Kachingweko ankakakulunga m'pepala lija n'kulembapo dzina la mwini wake ndi mudzi wake.

Ndili mphunzitsi ndinadzawerenga kuti phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndiponso kuti nambala za nsapato zimene tinatengera kwa Angerezi zimasiyana ndi mamilimita pafupifupi 8 ndi theka m'litali. Nambala imakuuza kutalika kwa phazi basi. Siikuuza kutambalala kwake, siikuuza kutukuka kwake, ndiponso siidziwa mmene phazilo lidzakhalire munthu akayenda kuchokera ku Manyamula kufika pa boma dzuwa lili phwee. Zonse zimene nambala imasiya, asibweni ankazisenzetsa lasitiki.

Luso linali podziwa malo omuika. Ankandiuza kawirikawiri kuti, "Muphwa, kumbuyo kulimbe, kutsogolo kupume, pakati pamvere." Kumbuyo, kokhala chidendene, ankaikako chikopa chouma cha ng'ombe kuti phazi lisamagwedezeke kapena kupendekera kumbali, ndipo kumeneko lasitiki sankafikako. Kutsogolo ankasiya malo okwanira chala chachikulu cha dzanja chitapingasa, kuti zala zizitambasuka munthu akamatsika chitunda. Koma pakati, pamwamba pa phazi ndi m'mbali mwa akakolo, ndi pamene phazi limasinthasintha: limatukuka munthu akaponda, limaphwa akanyamula mwendo, limafufuma kukatentha. Pamenepo m'pamene ankang'amba chikopa n'kulowetsapo lasitiki. Nsapato ya abambo yopanda zingwe ankaiika tizidutswa tiwiri m'mbali mwa lilime, kena uku kena uku. Jombo yofika m'akakolo ankaing'amba mbali zonse ziwiri, mng'alu wotambalala kumwamba wosongoka kumunsi, ndipo kumbuyo ankasokererako kachikopa kokokera povala. Ya amayi ankaiika kalamba kopingasa pamwamba pa phazi, lasitiki atabisika kunsi kwake. Ya mwana wa sukulu ankaonjezerako pang'ono, podziwa kuti bambo wa mwanayo sagulanso ina chaka chimenecho, mwina ngakhale chotsatiracho.

Ndimakumbukira bwino manja awo pa ntchitoyi. Asanadule, ankayamba akoka lasitikiyo pafupi ndi khutu kuti amve timitsitsi ta mphira. Tikamathetheka, ndiye kuti wafa, ndipo ankamutaya ngakhale akuoneka watsopano. Ankaonetsetsanso mbali imene akutamukira, chifukwa lasitiki wolukidwa amatamukira mbali imodzi yokha, ndipo mmisiri wopupuluma akamudula mopingasa, nsapato imaoneka bwino koma siitseguka. M'mphepete mwa chikopa ankapalamo ndi mpeni mpaka kupyapyala, kuti pamene chikopa chakumana ndi lasitiki pasakhale chotumphuka chokwecha khungu. Chikopa ankayamba achiboola ndi kachitsulo kosongoka, koma pa lasitiki ankadutsapo ndi singano yozungulira, chifukwa singano yakuthwa m'mbali imadula timitsitsi tija, nsapato n'kuyamba kufookera pamsoko pomwe. Ankasoka mizere iwiri, ndipo pansonga pa mng'alu, pamene mphamvu yonse yokoka imathera, ankabwerezapo kangapo.

Chovuta koposa chinali muyezo. Lasitiki akachuluka, chidendene chimavuka nthawi iliyonse munthu akanyamula mwendo, matuza n'kutuluka, ndipo zala zimakhalira kukanirira pansi kuti nsapato isatsale m'njira. Pofika madzulo katumba yense wawawa. Akachepa, kapena akakokedwa kwambiri posoka, amadinda mzere pakhungu, magazi sayenda bwino, phazi limachita dzanzi. Lamulo lawo linali lakuti munthu akavala n'kuimirira, lasitiki angotamuka pang'ono chabe. Mphamvu yake yotsalayo aisungire nthawi yovala, yovula, ndi ya kufufuma kwa madzulo. Ankati nsapato yabwino ili ngati mbereko, imagwira mwana kuti asagwe koma siimufinya. Akamaliza sankalandira ndalama msanga. Ankamuuza munthuyo kuti ayende mpaka pa mtengo wa bulugamu umene unali patsidya pa msewu n'kubwerera, iwo atanjuta kumbuyo kwake, mutu atapendeketsa, maso ali pa zidendene. Akaona kakutsimphina ngakhale kakang'ono, ankati, "Vulani adada, sinathe."

Pa ntchito zonse zimene ndinaona pakhonde paja, imene siichoka m'mtima mwanga ndi ya ankhazi anga, mlongo wawo wa abambo. Mwana wawo, msuweni wanga, anali ku migodi ya golide kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu opita ku migodi, ndipo anawatumizira nsapato zakuda zachikopa kudzera kwa mnzake wobwera kutchuthi. Zinafika m'katoni yake, zitakulungidwa m'pepala lofewa. Mudzi wonse unabwera kudzaziona. Ankhazi anali a Umanyano, ndipo nsapatozo zinkagwirizana bwino ndi siketi yakuda, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Koma nambala yake mwanayo anangoganizira ali kutali. M'litali zinkakwana, m'mimba zinali zothina kwambiri. Ankhazi ankazikakamiza pakhomo pa tchalitchi, kulowa nazo akuluma mano, ndipo ulaliki ukayamba ankazivula mwakachetechete kunsi kwa benchi. Zikhadabo zinayamba kuda. Anthu anawauza kuti azigulitse kapena apatse mpongozi wawo, koma anakanitsitsa. "Izi wagula mwana wanga ndi thukuta la pansi pa nthaka. Zivalidwa ndi ine."

Amayi ndiwo anawanyengerera kuti apite nazo pa boma. Asibweni anawayeza monga mwa nthawi zonse, anazitembenuza nsapatozo uku ndi uku, kenako anatenga mpeni. Ankhazi atauona anawagwira dzanja.

"Alamu, mukufuna kundiphera nsapato za mwana wanga?"

"Iyayi alamu. Ndikufuna mphatso ya mwana wanuyi muziyenda nayo ulendo wonse, osati pakhomo pa tchalitchi pokha."

Ankhazi anakhala chete kanthawi, kenako anasiya dzanjalo n'kutembenukira kumbali kuti asaone. Asibweni ananyowetsa chikopa, analowetsamo mapazi a mtengo aja n'kuzisiya masiku angapo kuti kutsogolo kutambasuke, kenako anang'amba m'mbali monse muwiri n'kusokamo lasitiki wakuda wa m'kachitini kaja, wabwino koposa amene anali naye. Anasoka mwaluso moti munthu woona patali sakanadziwa kuti nsapatozo sizinabwere choncho kuchokera ku Joni. Tsiku lodzatenga, ankhazi anavala mosavutika, anayenda mpaka pa bulugamu, ndipo pobwerera anali akuvina pang'onopang'ono, akuti, "Yewo alamu, yewo chomene." Ndalama asibweni anakana. Patapita masiku kunabwera tambala ndi dengu la ufa woyera. Lamulungu la Mgonero ku Embangweni ankhazi anavala nsapatozo kuchokera pakhomo pawo mpaka kukafika, osavula pa mtsinje, ndipo anadzajambulitsa nazo chithunzi n'kutumizira mwana wawo. Anazivala mpaka ukalamba, lasitiki akatha n'kukasinthitsa.

Mbiri inawanda. Amayi ambiri a m'midzi ya kwa Mzikubola ndi kwa Mzukuzuku anali ndi mphatso zoterozo m'masutikesi, zotumizidwa ndi ana ndi amuna awo, zokondedwa koma zosavalika. Anayamba kubwera nazo mmodzimmodzi. Ndikaganiza bwino, ntchito yaikulu ya asibweni sinali kusoka nsapato zatsopano. Inali kuyanjanitsa mphatso za ku Joni ndi mapazi a eni ake. Ankabweranso anamwino oima tsiku lonse m'chipatala, amayi oyembekezera amene mapazi awo ankatupa miyezi yomaliza, ndi amuna obwera kuchokera ku migodi mwala utawaphwanya phazi, lina lalikulu lina laling'ono. Panali bambo wina amene anachira khate koma mapazi ake sankamva kanthu, ndipo zala za m'manja zinali zitapindika moti sakanatha kumanga zingwe. Anthu ambiri ankamutalikira. Asibweni ankamukhazika pa benchi yawo yomwe, kugwira mapazi ake ndi manja awo, ndipo nsapato zake ankaziyala chikopa chofewa cha mbuzi m'kati monse, osakhomamo msomali ngakhale umodzi, chifukwa munthu wosamva kupweteka msomali ukhoza kumuboola tsiku lonse iye osadziwa. Lasitiki wake ankamuika wotakasuka kuposa wa anthu ena, ndipo ankamulangiza kuti madzulo aliwonse azivula n'kuyang'ana ngati pakhungu padindika mzere. Ndili mwana ndinkangoona kuti ndi ntchito. Lero ndimaona kuti unali ulemu waukulu.

Asibweni ankakonda kunena kuti nsapato za lasitiki zinayambira kwa mfumukazi ya Angerezi, nkhani imene anaimva kwa abwana awo ku Bulawayo. Anthu pakhonde ankaseka, koma mabuku amawavomereza. Mmisiri wina wa ku London, J. Sparkes Hall, ndiye amadziwika kuti anasokera Mfumukazi Victoria, amene analowa ufumu mu 1837, jombo zokhala ndi lasitiki m'mbali m'malo mwa zingwe ndi mabatani. Chimene chinathandiza kuti luso limeneli lifalikire ndi ntchito ya Charles Goodyear wa ku America, amene mu 1839 anapeza kuti mphira akamuphika ndi sulufule amaleka kumata kukatentha ndi kuuma gwaa kukazizira. M'zaka za m'ma 1960 jombo zomwezo zinatchukanso pakati pa achinyamata a ku London ndi dzina lakuti Chelsea, oimba a Beatles akuvala zosongoka kutsogolo, ndipo sipanatenge nthawi anyamata athu obwera kuchokera ku Salisbury ndi ku Joni anayamba kutsika nazo basi pa boma. Asibweni ankaziyamikira m'mbali mwake, koma kusongoka kwa kutsogoloko sankagwirizana nako ngakhale pang'ono. Ankati wopanga wake anamvera kakolo n'kuiwala zala.

Mphira weniweniyo ndinadzamuona ndili wamkulu, kuseri kwa mapiri a Viphya, ku esiteti ya Vizara m'boma la Nkhata Bay. Mitengo yake amaicheka khungwa mopendeketsa, utomoni woyera n'kumadonthera m'tizikho tomangiriridwa pa thunthu, ndipo m'mphepete mwa msewu anyamata amagulitsa mipira yokulunga ndi utomoni womwewo. Nditabwerako ndinawafotokozera asibweni. Anamvetsera mwachidwi, kenako anafunsa funso limodzi lokha: ngati mtengo wake uli kwathu konkuno, n'chifukwa chiyani iwo amadikira lasitiki wochokera ku Bulawayo? Funso limenelo ndidakali nalo mpaka lero.

Zinthu zinasintha mu 1974. Pa 4 Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 obwerera kwawo kuchokera ku migodi anafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita ku migodi, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kumudzi. Ulendo unadzatsegukanso mu 1977 kudzera ku bungwe la TEBA, koma opita anali ochepa, mpaka unathera mu 1988. Nkhondo ya ku Rhodesia nayo inavutitsa maulendo a ku Bulawayo, ndipo m'zaka zomwezo Amwenye anachoka m'masitolo a m'maboma ang'onoang'ono kupita m'mizinda ikuluikulu. Asibweni anasamukira pansi pa mtengo pafupi ndi msika. Ntchito inachuluka, chifukwa obwererawo anadza ndi jombo ndi nsapato zofuna kukonzedwa, koma kachitini ka masikono kaja kanayamba kupepuka.

Sanagwe mphwayi. Anatembenukira ku chubu cha njinga, chomwecho chimene anyamata amapangira malegeni ndi kumangira katundu pa kaliyala. Ankadula kalamba ka chubu, kukakoka, kukakhomera pa thabwa kali chikokere, n'kukasokera pakati pa zikopa ziwiri zopyapyala za mbuzi zimene anafufuta okha. Akazula timisomali, chubu chinkabwerera ndipo chikopa chinkachita makwinya okongola, otamuka munthu akalowetsa phazi. Sankabisa kuti sichifanana ndi lasitiki wolukidwa. Ankamuuza mwini wake poyera kuti, "Amama, ichi chikutumikirani chaka chimodzi, chikafooka mubwere ndidzasinthe." Ndipo aliyense, wa chubu kapena wa lasitiki, ankachoka ndi malangizo omwewo: nsapato zikanyowa musaziyanike pamoto ngakhale kuzizire bwanji, musazisiye padenga dzuwa lonse, ndipo parafini, mafuta ndi polishi zisakhudze lasitiki, pakuti zonsezi zimadya mphira. Nsapato zimene ine ndinaima nazo m'kalasi zaka zanga zoyamba za uphunzitsi zinali za manja awo, ndipo sindikumbuka tsiku limene ndinalakalaka kuzivula belu lisanalire.

Kenako kunadzaza nsapato zapulasitiki, sofiya ndi maliposa. Sindizinyoza, chifukwa zinaveka amayi ndi ana ambiri amene sakanakwanitsa zachikopa za ku Bata, ndipo m'matope zinkangofuna kutsuka basi. Koma pulasitiki sapuma ndipo samvera. M'chilimwe ankaotcha, thukuta n'kumaterera m'kati, ndipo akang'ambika tinkamata ndi mpeni wotenthetsa pamoto. Asibweni ankazikonza ndithu anthu akabwera nazo, koma nkhope yawo sinkawala monga inkachitira akagwira chikopa. Anatisiya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kaunjika asanadzaze misika yathu.

Lero pa msika wa Jenda kapena pa boma nsapato zili mulu mulu, za kaunjika ndi zatsopano, zina za lasitiki wabwino kwambiri, zina zolukidwa ndi ulusi wotamuka thupi lonse. Ana opita ku sukulu opanda nsapato akuchepa, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti ndaziona ndi maso anga. Anyamata a ku Mzimba akupitabe ku Joni, tsopano paokha, ndipo magalimoto obwera ndi katundu wawo satha pamsewu. M'katundumo nsapato za amayi ndi agogo sizilephera. Chimene chimandiwawa n'chakuti ndikapita ku tchalitchi kapena ku mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora mu Ogasiti, ndimaonabe anzanga okalamba atakhala pansi nsapato zili pambali, mapazi otupa ali pamtunda, ena ataponda kumbuyo kwa nsapato mpaka kuphwanyika kuti phazi lipeze polowera. Mphatso zikubwerabe, koma woziyanjanitsa ndi mapazi akusowa.

Ndipo ukalamba uli ndi zofuna zake zimene mnyamata wogula nsapato ku Johannesburg sangazidziwe. Msana sulola kuwerama nthawi yaitali. Zala za nyamakazi sizigwira zingwe. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene kale tinkangowamvera kutali, tsopano ali m'midzi yathu, ndipo phazi la munthu wa shuga limatupa, limachita dzanzi, kabala kakang'ono kochokera ku nsapato yothina kakhoza kukula mpaka munthu kutaya mwendo. Kwa anthu otere kachidutswa ka lasitiki koikidwa pamalo pake, pa muyezo wake, si nkhani ya kutchena. Ine ndemwe m'mawa uliwonse ndimavala nsapato zanga ndili chiimire, dzanja limodzi lili pa ndodo, popanda kuitana mdzukulu, ndipo ufulu umenewo ndimaudziwa mtengo wake.

Osoka nsapato alipo ndithu, pa Jenda, pa Embangweni, pa boma, anyamata akhama omata ndi kusoka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndikanakonda akanaonjezera luso loyeza phazi ndi losintha nsapato kuti ikwane mwini wake, chifukwa makasitomala ake alipo ambiri ndipo lasitiki masiku ano savuta kupeza. Ndikanakondanso a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja akanaliganizira boma lathu pa nkhani ya zikopa. Mzimba ndi dziko la ng'ombe, ndipo anthu amene amadziwa kufufuta chikopa cha zishango ndi zovala za ingoma sangalephere kufufuta cha nsapato.

Koma mawu anga aakulu akupita kwa inu ana athu amene muli ku Joni, ku Cape Town, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Musanagulire amama kapena agogo nsapato, imbani foni kumudzi. Uzani mwana wina awaimiritse pa pepala dzuwa litapendeka, alembe mzere kuzungulira mapazi onse awiri, ayeze ndi rula kutalika ndi kutambalala kwake, azungulize kachingwe pamwamba pa phazi n'kukayezanso, akutumizireni manambalawo pa WhatsApp. Mukafika m'sitolo tsatirani phazi lalikululo, sankhani yotambalala kutsogolo, yolimba kuchidendene, ya lasitiki m'mbali, ndipo mumukoke lasitikiyo pafupi ndi khutu musanalipire.